Kodi mtunda wa nyenyezi amachita kuyeza, kapena n'zongopeka?

"Ndine mphunzitsi wa fizikisi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Ntcheu. Sabata yatha ndinawerengera ana a Fomu 4 nkhani yoti akatswiri anayeza mtunda wokafika pamalo ena obadwira nyenyezi, kutsidya lina la Mlalang'amba, n'kupeza kuti kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka 66,000 kuti kutipeze. Nkhaniyo imati anagwiritsa ntchito maser. Mtsikana wina wochangamuka anakweza mkono n'kufunsa kuti, 'Sala, ndani anapita ndi tepi kukayeza? Si zongopeka zimenezi?' Ndinasowa chonena. Mnzake anawonjezera kuti ngati maser ali pachibale ndi laser, ndiye kuti tsiku lina adzatiwotcha. Chonde ndithandizeni. Maser n'chiyani? Manambalawa tingawakhulupirire? Nanga mwanayu, amene tsopano akuti akufuna adzaphunzire zimenezi, ndimulangize zotani?"

Aphunzitsi, khazikani mtima pansi. Funso la mwana wanuyo linazunguza mitu akatswiri a zakuthambo kwa zaka mazana ambiri, ndipo ena a ife ndiyo ntchito yathu mpaka lero, choncho palibe chamanyazi kuti linakuimitsani. Mtunda umene munawerengawo anachita kuyeza, ndi masamu a makona atatu omwewo amene anawo amaphunzira m'kalasi. Koma mwanayo sanalakwe kukayika, chifukwa si manambala onse a mtunda amene amapezeka mwanjira imeneyi. Ena ndi oyezedwa, ena ndi oyerekezera, ndipo ndikufuna muchoke pano mukutha kuwasiyanitsa.

Mantha a kupsa aja tithane nawo msanga. Maser wa mumlengalenga sangapweteke munthu, chiweto kapena mbewu. Kumene ali amatulutsadi mphamvu zambiri, koma pofika kuno mafunde ake amakhala atamwazikiratu. Ngakhale maser wowala kwambiri, mphamvu imene dishi ya telesikopu ya wailesi ya mamita 26 imatola kwa iye sikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo thililiyoni a wati imodzi. N'chifukwa chake makina olandirira mafundewa timawaziziritsa mpaka madigiri pafupifupi 250 pansi pa ziro, kuti phokoso la makinawo lisakwirire chimene tikufuna kumva. Foni ya m'manja yoyatsidwa pafupi ndi dishi ikhoza kuwononga ntchito ya usiku wonse. Oopsa ndife kwa maser, osati iye kwa ife.

Tsono maser n'chiyani? Molekyu iliyonse, monga ya madzi, imasunga mphamvu pa milingo yokhazikika. Ikatsika kuchoka pa mulingo wapamwamba kupita wapansi, imatulutsa kafunde ka frequency (kuchuluka kwa kugwedera kwake pa sekondi) yakeyake, yoti tikaiona timadziwa molekyu imene yalankhula. Nthawi zambiri mamolekyu ochuluka amakhala pansi, ochepa pamwamba, ndiye funde likamadutsa mu mpweya wotere limamezedwa. Koma pakakhala china chowakankhira m'mwamba mosalekeza, zinthu zimatembenuka, apamwamba amachuluka. Apa funde lofooka likalowa, limachititsa molekyu yoyamba kutulutsa funde lofanana nalo ndendende, lolowera komweko. Awiriwo amadzutsa ena awiri, anayi amadzutsa ena anayi, ndipo potuluka mumtambomo fundelo limakhala litakula kuwirikiza mamiliyoni kapena mabiliyoni. Mu labu timafunika magalasi kapena kabokosi kobweza mafunde kuti adutse mobwerezabwereza. Mumlengalenga utali wa mtambowo umakwanira. Laser imachita zomwezi ndi kuwala kooneka ndi maso, maser ndi mafunde a wailesi.

Anthu anapanga maser asanadziwe kuti chilengedwe chinali naye kale. Charles Townes, James Gordon ndi Herbert Zeiger anayatsa woyamba pa yunivesite ya Columbia ku New York mu 1954, ndi mpweya wa ammonia. Laser inabwera pambuyo, mu 1960. Mu 1965 gulu la Harold Weaver la ku Berkeley linamva mafunde amphamvu modabwitsa pa 1,665 MHz kuchokera ku mitambo yobadwira nyenyezi, ndipo posowa chowatulutsa anachitcha mysterium. Sipanapite nthawi, zinadziwika kuti ndi hydroxyl, kamolekyu ka atomu imodzi ya okosijeni ndi imodzi ya haidrojeni. Mu 1969 gulu limene munali Townes yemwe uja linapeza ma maser a nthunzi ya madzi pa 22 GHz, ndipo mu 1991 Karl Menten anapeza a methanol pa 6.7 GHz. A methanol amenewa ndi amene ndakhala nawo zaka zambiri za ntchito yanga.

Ndikanakonda mukanaona mmene amaonekera pa kompyuta. Dishi ikaloza pamalo opanda kanthu, pansi pa sikirini pamayenda kamzere konjenjemera, phokoso lokhalokha. Ukailozetsa pa maser, pakati pa kamzereko pamatumphuka nsonga yopyapyala, yowongoka kuti njo, nthawi zina zitatu kapena zisanu zoyandikana. Nsonga iliyonse ndi kachigawo ka mpweya koyenda pa liwiro lakelake, poti chinthu chikamabwera kwa ife frequency imakwera pang'ono, chikamatithawa imatsika. Ukabweranso patatha milungu iwiri umapeza ina yatalika, ina yafota. Mpaka pano mtima umandigunda ndikaona nsonga imene inagona miyezi yambiri yadzuka.

Kuti timvetse chifukwa chake amapezeka kobadwira nyenyezi, tilowe mumtambomo. Nyenyezi imabadwa mkati mwa mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi, wozizira mpaka madigiri pafupifupi 260 pansi pa ziro. Penapake mtambo umathithikana, mphamvu yokoka imauunjika pamodzi, pakati pamayamba kutentha. M'kuzizira kuja methanol amapangika pang'onopang'ono pa tinthu ta fumbi tokutidwa ndi ayezi, methanol yemweyu amene amachititsa khungu akapezeka m'mowa wachinyengo. Khanda la nyenyezi likayamba kufunditsa pozungulira, methanol amachoka pa ayezi n'kusanduka mpweya, ndipo kuwala kosaoneka ndi maso kwa infrared kochokera ku fumbi lofundalo kumamukankhira pa mulingo wapamwamba. Madzi nkhani yake ndi ina. Iwo amafuna kugundana, ndiye ma maser a madzi amayaka pamene mpweya wothamangitsidwa ndi nyenyezi yaing'onoyo ukuwomba mtambo woizungulira.

Chimene timakondera methanol wa 6.7 GHz n'chakuti amapezeka pafupi ndi nyenyezi zikuluzikulu zokha zimene zikubadwa, zolemera kuposa Dzuwa kasanu ndi katatu kapena kupitirira. Nyenyezi zotere n'zosowa, zili kutali, ndipo zimakula zitafundira fumbi lochindikala moti telesikopu ya galasi singazione. Mafunde a wailesi amangodutsa m'fumbimo. Kafukufuku wina waukulu wa dishi ya Parkes ku Australia anapeza ma maser a mtundu umenewu pafupifupi 1,000 mu Mlalang'amba, ndipo aliyense akuloza pamene nyenyezi yaikulu ikubadwa. Usiku wa January wopanda mitambo, aonetseni ana Akamwiniatsatana. Pambali pa nyenyezi zitatu zondondozana zija pali kamzere ka tinyenyezi tofooka, pakati pake kachifunga. Imeneyo ndi Orion Nebula, imene kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 1,350 kuti kutifike, ndipo mumtambo wa kuseri kwake muli ma maser a madzi ndi a silicon monoxide.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa gawo lokoma la nkhaniyi linachitikira kum'mwera kwa Africa konkuno. Ku Hartebeesthoek, kufupi ndi Johannesburg, kuli dishi ya mamita 26 imene NASA inamanga mu 1961 kuti izilondola zombo zopita kumwezi ndi kumapulaneti. Aku America atachoka m'ma 1970, inasanduka ya kafukufuku wa zakuthambo. Si yaikulu poiyerekeza ndi zinzake zotchuka, koma zotchukazo anthu amazilimbirana, ukapatsidwa maola ochepa pa chaka wachita mwayi. Iyi inkatha kubwerera pamalo omwewo sabata ndi sabata. Kuyambira 1999, Sharmila Goedhart, Michael Gaylard ndi Johan van der Walt anatsata ma maser a methanol 54 kwa zaka zinayi, n'kupeza chimene palibe ankachiyembekezera: ena amayaka ndi kuzilala motsata nthawi yake. Wotchedwa G9.62+0.20E amayaka masiku pafupifupi 244 alionse. Chochititsa akatswiri akutsutsanabe. Ena akuti ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana, zikayandikana mphepo zawo zimawombana n'kutulutsa kuwala kwamphamvu. Ena akuti ndi nyenyezi imodzi imene imafufuma ndi kuphwa. Pa G9.62 ine ndimatsamira ku maganizo oyambawo, poona mmene kuwala kumakwerera msanga n'kumatsika mochedwa, koma sindikhulupirira kuti yankho limodzi lingakwanire onse.

Dishi yomweyi, mu January 2015, inaona ma maser a ku malo obadwira nyenyezi otchedwa NGC 6334I akuyaka mwadzidzidzi nthawi imodzi. Telesikopu ya ALMA ku Chile itaunika, zinapezeka kuti khanda la nyenyezi la kumeneko lawala kuwirikiza ka 70. Linali litameza chigamphu chachikulu cha mpweya kamodzin'kamodzi. Izi zinathandiza pa funso lakale lakuti nyenyezi yaikulu imapitiriza bwanji kukula pamene kuwala kwake komwe kukukankhira chakudya chake kunja. Zikuoneka kuti mpweya umaloweramo chozungulira, kudzera m'chimbale chophwatalala, ndipo sumalowa mofanana nthawi zonse, umalowa mwa apo ndi apo m'zigamphu. Mu January 2019 dishi ya Hitachi ku Japan inagwira zofanana ku G358.93-0.03, ndipo ulendo uno akatswiri anali atagwirizana kale kuti wina akaona, adziwitse anzake msanga. Anatha kujambula kutentha kukufalikira m'chimbalemo, ma maser akuyaka mkombero ndi mkombero.

Tifike pa kuyeza. Auzeni ana atambasule mkono, aimike chala chachikulu, atsinzine diso limodzi n'kuona pamene chalacho chaima poyerekeza ndi zenera kapena mtengo wakutali. Kenako asinthe diso. Chala chilumpha. Achibweretse pafupi ndi mphuno, chilumpha kwambiri. Achitalikitse, chilumpha pang'ono. Ukadziwa mpata wa pakati pa maso awiri ndi kukula kwa ngodya ya kulumphako, mtunda wa chala umatuluka pa masamu popanda kuchikhudza. Akatswiri amaitcha parallax. Pa nyenyezi, maso awiriwo ndi Dziko lenilenili pa nthawi ziwiri: lero, ndi pakatha miyezi isanu ndi umodzi, litazungulira kufika mbali ina ya Dzuwa. Mpata wake ndi makilomita 300 miliyoni. Friedrich Bessel anakwanitsa koyamba mu 1838 pa nyenyezi ya 61 Cygni. Thomas Henderson anali atayeza kale Alpha Centauri ali ku Cape mu 1832 ndi 1833, koma anachedwa kulengeza mpaka 1839.

Chovuta n'chakuti ngodya zake n'zazing'ono zedi. Digiri imodzi ya pa protractor mukaigawa magawo 3,600, gawo limodzi ndi arcsecond. Parallax, imene ndi theka la kulumpha konseko, ya Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri, ndi 0.77 ya arcsecond basi. Lamulo lake ana akhoza kulilemba pabolodi: gawani 3.26 ndi parallax, yankho ndi chiwerengero cha zaka zimene kuwala kumayenda. Pa Proxima mupeza 4.2. Pa chaka chimodzi kuwala kumayenda makilomita 9.46 thililiyoni.

Chombo cha Gaia, chimene mayiko a ku Ulaya anatumiza mu 2013, chinayeza motere nyenyezi zoposa biliyoni imodzi. Koma Gaia ankaona ndi kuwala wamba, ndipo poyang'ana chopingasa Mlalang'amba fumbi lija limatseka. Apa m'pamene maser amalowa. Ndi wowala, ndi kadontho kakang'ono koti malo ake amadziwika bwino, ndipo fumbi silimubisa.

Dishi imodzi payokha singayeze ngodya zoterezi, ndiye timalumikiza madishi otalikirana kuti aone pamodzi. Ku America kuli VLBA, madishi khumi a mamita 25 iliyonse, kuyambira ku Hawaii mpaka ku chilumba cha St. Croix, mtunda wa makilomita pafupifupi 8,600. Onse amaloza maser mmodzi nthawi imodzi, iliyonse n'kujambula mafunde pamodzi ndi nthawi imene afika. Wotchi ya dishi iliyonse ndi maser wa haidrojeni wopangidwa ndi anthu. Zojambulazo amazisonkhanitsa ku Socorro, New Mexico, ndipo kompyuta imawerengera kuti funde lomwelo linafika mochedwa bwanji pa dishi iyi poyerekeza ndi iyo. Kuchedwako ndiko kumaulula kumene lachokera. M'malo mwa mtengo wakutali uja timagwiritsa ntchito quasar, mtima wowala wa mlalang'amba wina wakutali kwambiri moti suoneka kusuntha. Madishi amaloza maser, kenako quasar, kenako maser, kusinthasintha mkati mwa mphindi imodzi, kwa maola ambiri. Timabwereza zimenezi kangapo pa chaka chathunthu. Pamapeto pake njira ya maser pathambo imaoneka ngati mzere wokhotakhota. Kupita kutsogolo kwa mzerewo ndi ulendo wake weniweni wozungulira Mlalang'amba, kukhotakhota kwa chaka ndi chaka ndiye parallax. Zikayenda bwino timasiyanitsa ngodya ya 0.00001 ya arcsecond, ngati kuona kukula kwa ndalama yachitsulo imene yagwa pamwezi uli pano.

Malo amene munawerenga aja ndi G007.47+00.05. Alberto Sanna ndi anzake anayeza ma maser a madzi a kumeneko ndi VLBA mu 2014 ndi 2015, n'kulengeza mu 2017. Parallax imene anapeza ndi 0.000049 ya arcsecond. Mupatseni mtsikana uja choko agawe yekha 3.26 ndi nambala imeneyi. Apeza 66,500 ndi kanthu.

Koma pali nambala yachiwiri imene nkhani za m'manyuzipepala zimakonda kuisiya, ndipo kwa ine ndi yofunika mofanana ndi yoyambayo. Ofufuzawo ananena kuti parallax ikhoza kukhala yokwera kapena yotsika ndi 0.000006. Mukabwereza masamu ndi 0.000055 komanso 0.000043, muona kuti mtunda uli pakati pa zaka 59,000 ndi 76,000. Uku si kupeka, n'kunena poyera pamene muyezo wako walekezera. Zolepheretsa zake timazidziwa. Nthunzi ya mumpweya wathu imachedwetsa mafunde mosiyanasiyana pa dishi iliyonse, ndipo imasintha ola ndi ola. Pa 6.7 GHz chovutitsa kwambiri ndi mpweya wa m'mwamba zedi umene Dzuwa limaupatsa mphamvu ya magetsi. Timadontho ta ma maser a madzi nthawi zina timazima chaka chisanathe, ntchito n'kuthera panjira. Quasar nayenso nthawi zina amasintha maonekedwe. Ndipo chinthu chikatalikira, parallax imachepa pamene zolakwikazo sizichepa, choncho manambala a kutali kwambiri ndiwo amagwedera kwambiri.

Palinso njira ina yachidule imene inalamulira kwa zaka zambiri, ndipo apa m'pamene kukayika kwa mwana wanu kuli ndi malo. Umayeza liwiro la mtambo, n'kuyerekeza kuti ukuzungulira Mlalang'amba mwadongosolo ngati anzake, n'kuwerengera kuti liwiro lotere likuyenera mtunda wakuti. N'njira yotchipa ndipo imathandiza, koma mtambo ukakhala ndi kayendedwe kakekake imanamiza. Malo otchedwa W3(OH) njira imeneyi inkawaika kutali pafupifupi kawiri kuposa mmene alili. Mu 2006 Ye Xu, Mark Reid ndi anzawo atayeza parallax ya ma maser a methanol a kumeneko, anapeza zaka 6,400, ndipo zinadziwika kuti mitambo ya m'dera limenelo imayenda mosiyana ndi dongosolo lija. Inu a fizikisi mukudziwa zotsatira zake: ukalakwitsa mtunda kawiri, kuwala kwenikweni kwa nyenyezi walakwitsa kanayi, ndipo kulemera ndi msinkhu wake zimasokonekera pomwepo. Choncho mukawerenga nambala ya mtunda, funsani zinthu ziwiri: anaipeza ndi njira iti, ndipo ingaphonye ndi zingati. Nkhani imene siyankha lililonse mwa mafunso awiriwa muziitenga mosamala.

Ntchito yonseyi cholinga chake ndi mapu. Tili mkati mwa Mlalang'amba, sitingatuluke kukaujambula. Koma nyenyezi zikuluzikulu zimakhala zaka mamiliyoni ochepa chabe, pamene Dzuwa lidzakhala pafupifupi mabiliyoni khumi, ndipo ma maser amaziloza zidakali pobadwira, m'mikono yopindika ya Mlalang'amba. Pofika 2019 kafukufuku wa BeSSeL wa pa VLBA, pamodzi ndi VERA ya ku Japan ya madishi anayi, anali atayeza malo pafupifupi 200. Reid ndi anzake anapeza kuti mikono ikuluikulu ndi inayi, kuti Dzuwa lili pa zaka pafupifupi 26,600 kuchokera pakati, ndi kuti dera lathu lino likuzungulira pa liwiro la makilomita 236 pa sekondi. Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti magulu a Reinhard Genzel ndi Andrea Ghez, amene amatsata nyenyezi zozungulira black hole (chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo) wa pakati pa Mlalang'amba ndi njira yosiyaniratu, amapeza mtunda woyandikana kwambiri ndi umenewu. Mapuwa ali ndi chigamba chosasokedwa. VLBA ndi VERA zili kumpoto kwa dziko, ndiye mbali ya Mlalang'amba imene imaoneka bwino kum'mwera sinayezedwe mokwanira. Ndi mbali imene ife timaiona pamutu penipeni m'miyezi yozizira.

Ma maser akuluakulu a m'milalang'amba ina ndingowatchula. Mu 1995 Makoto Miyoshi ndi anzake anaona ma maser a madzi akuzungulira black hole wolemera ngati madzuwa pafupifupi 40 miliyoni mu NGC 4258. Poyeza liwiro lawo, mmene liwirolo likusinthira, ndi kukula kwa mkombero pathambo, mtunda unatuluka: zaka pafupifupi 25 miliyoni. Nambala imeneyi ndi imodzi mwa nsanamira zoyezera mmene chilengedwe chonse chikufutukukira. Ndipo mu 2022 MeerKAT, telesikopu ya madishi 64 ya ku Karoo ku South Africa, inalengeza maser wamkulu wa hydroxyl wotchedwa Nkalakatha, amene mafunde ake ayenda zaka pafupifupi mabiliyoni asanu kuchokera kumene milalang'amba inawombana.

Za m'kalasi, chimene ndingakulangizeni koposa zonse sichifuna ndalama. Pitani nawo pabwalo la mpira ndi chingwe cha mamita 20 ndi ma protractor. Gulu lililonse liyeze ngodya yoloza mtengo wa kutsidya kuchokera ku nsonga ziwiri za chingwe, liwerengere mtunda. Mayankho asiyana, ndipo musawadzudzule. Alembeni onse pabolodi, muone pamene aunjikana ndi mmene amwazikira, kenako muyeze ndi tepi. Ayesenso mtengo wotalikira kawiri ndi chingwe chomwecho, aone okha mayankho akumwazika kwambiri. Ngati pali dishi yakale ya TV ndi kamita kaja kamene amisiri amafunira siginolo, mukhoza kumva mafunde a wailesi a Dzuwa pongoilozetsa, singano ikwera. Muchenjere kuti mwana asayang'ane Dzuwa, komanso dishi yonyezimira imaunjika kutentha koti n'kusungunula pulasitiki ya kutsogolo kuja. Maser simungamumve nayo. Ndipotu maser wina wa methanol, wa 12.2 GHz, ali m'dera lomwelo la mafunde a TV ya setilaiti, moti ngakhale ife amativuta kumva.

Za mwanayo, muuzeni zoona zake zonse. Khomo lake ndi masamu, fizikisi ndi Chingelezi pa MSCE, kenako digiri ya fizikisi, masamu, kompyuta kapena uinjiniya wa zamagetsi. Aphunzire Python msanga akapeza kompyuta, chifukwa masiku athu ambiri timathera polemba mapulogalamu, osati poyang'ana kumwamba. Akamaliza digiri yoyamba, njira yodziwika ndi South Africa: pulogalamu ya maphunziro a zakuthambo ya NASSP, thandizo la maphunziro la SARAO (bungwe loyang'anira matelesikopu a wailesi m'dzikolo), kapena sukulu ya AIMS ku Muizenberg kwa okonda masamu. Adziwe kuti mayiko asanu ndi atatu ogwirizana ndi South Africa pa telesikopu yaikulu ya wailesi ya SKA ndi Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Malawi mulibe, ndipo mwayi wina, monga maphunziro a zakuthambo a DARA otsogoleredwa ndi yunivesite ya Leeds, unakonzedwa poganizira mayiko amenewo, choncho aziwerenga bwino amene akuloledwa kufunsira asanataye nthawi. Chomulimbikitsa chilipo: Ghana inasandutsa dishi yakale ya matelefoni ya mamita 32 ku Kuntunse kukhala telesikopu mu 2017, ndipo zina mwa zoyamba zimene inamva ndi ma maser a methanol.

Zowawa zake musamubisire. Kuchoka pa MSCE kufika pa digiri ya PhD ndi zaka khumi kapena kuposerapo, zambiri ali kutali ndi kwawo. Ntchito zokhazikika za kafukufuku n'zochepa, ambiri amayenda ndi makontirakiti a zaka ziwiri kapena zitatu. Ndaona anzanga aluso akutuluka n'kukagwira ntchito za data, za matelefoni ndi za nyengo, ndipo sindiwawerengera ngati olephera, maphunzirowo anawanyamula. Achenjerenso ndi aliyense wa pa Facebook kapena WhatsApp wouza kuti atumize ndalama kuti amupezere sikolashipu. Thandizo lenileni limalengezedwa pa masamba a mabungwe eniake. Komanso akadali Fomu 4, musamusenzetse katundu wa kusankha moyo wonse chaka chino. Mayeso kaye.

Pali pamene muyenera kufuna thandizo loposa kalata iyi. Mukafuna kumanga kachipangizo komvera haidrojeni wa mu Mlalang'amba pa 1,420 MHz, zimatheka ndi zipangizo zotsika mtengo, koma pafunika wina wodziwa zamagetsi, ndiye lemberani dipatimenti ya fizikisi ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University. Mukapeza mabuku awiri akupereka mitunda yosiyana kwambiri ya chinthu chimodzi, musasankhe nokha, funsani katswiri kudzera ku African Astronomical Society kuti akuuzeni njira imene iliyonse inapezekera. Makolo akamakayika za maphunzirowa, kapena mwanayo akayamba kufunsa zopitirira silabasi, mulumikizeni ndi mphunzitsi wa ku yunivesite kuti akambirane naye pamodzi ndi makolowo. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi zotsatira za MSCE zikangotuluka, asanalembe fomu yosankhira maphunziro a ku yunivesite.